ZA MWANA WOKANGAMIRA CINTHU CIMODZI

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Mphunzitsi ali yense amene wagwira coko zaka zingapo amdziwa mwana wa mtundu uwu. Pali mnyamata amene mtima wace wonse uli pa magalimoto a waya: m'matumba mwace mudzala tizidutswa ta waya ndi zotsekera mabotolo, m'mphepete mwa kope lace la masamu muli magudumu okha okha, ndipo belu likalira ndiye woyamba kutuluka kukatenga galimoto yace kumene anaibisa. Pali wina amene adziwa ng'ombe zonse za m'mudzi mwao, iri yonse ndi dzina lace, ndi thole limene inabala caka catha. Wokhala m'mbali mwa mseu waukulu wa ku Chipata aloweza manambala a mabasi onse, nadziwa ndi imene yacedwa lero. Ndipo pali msungwana wosaleka kuumba timiphika ta dothi, cinkana amai ace akalipe tsiku ndi tsiku cifukwa ca zobvala zoda.

Makolo a ana otere afika kwa mphunzitsi ndi funso lakuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu ali bwino m'mutu?" Funsoli ndi lolemera, pakuti yankho lolakwa liononga mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi akafulumira kunena kuti mwanayo adwala, aika dzina loipa pa mwana wabwino bwino, ndipo dzina la pamudzi silifafanizika msanga. Akafulumira kunena kuti palibe kanthu, adzaleka akakula, akhoza kucedwetsa thandizo kwa mwana amene alisowa, pa zaka zimene thandizolo ligwira nchito koposa.

Cimene ciyenera kudziwika poyamba ndi cakuti kukangamira cinthu cimodzi kuli m'cibadwa ca ana ambiri. M'caka ca 2007 Judy DeLoache wa pa University of Virginia ku America, pamodzi ndi anzace awiri, anasindikiza zimene anapeza atafunsa makolo a ana ang'ono 177. Pafupi fupi mwana mmodzi mwa atatu anali ndi cinthu cimene anacikonda mopitirira muyeso, monga magalimoto, masitima, mipira, zidole, ngakhale masace osesera m'nyumba. Ambiri a iwo anali anyamata, ndipo cikondico cinkayamba mwana ali ndi miyezi ngati 18. Anawo anali kukula bwino monga anzao onse. Cikondi cotere ciphunzitsa mwana zambiri zimene bolodi silingamphunzitse. Wa magalimoto a waya aphunzira kuyesa utali ndi maso, kulinganiza magudumu, ndi kupirira pamene nchito yakanika kacitatu. Amisiri ambiri a pamudzi, osula makasu ndi okonza njinga, anali ana otopetsa amai ao ndi cinthu cimodzi.

Cifukwa cace kukula kwa cikondico sindiko muyeso. Mwana angathe kulota magalimoto usiku ndi kuwajambula usana wonse, koma osadwala kanthu. Mphunzitsi ayenera kuleka kuyang'ana cinthuco, nayang'ane cimene cinthuco cicita pakati pa mwanayo ndi anthu.

Mwana wina akatha kupanga galimoto yace athamanga nayo kwa anthu. Aikweza m'mwamba, ayang'ana nkhope ya mnzace kuti aone ngati wazizwa, ndipo anzace akabwera ndi zao alambula mseu pamcenga, uyu akhala dalaivala, uyu wapolisi woimitsa magalimoto, uyo wogulitsa mafuta. Cimene acikonda cimkokera kwa anzace. Mwana wina atenga galimoto yomweyo, aigadamiza, nazunguza gudumu limodzi ndi cala, diso liri pafupi ndi gudumulo, kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Sasamala kuti galimoto ndi yoyendetsa. Sabwera nayo kwa munthu kuti aione, ndipo mnzace akakhala pambali pace, iye atembenuka kumpatsa msana. Wina andandika miyala kapena zitsononkho mzere umodzi wowongoka, ndipo nkhuku ikasuntha cimodzi akuwa ngati wapsa ndi moto. Pa nyengo ya masanje, cimanga citakololedwa, pamene ana amanga timisasa ta mapesi nasankhana kuti uyu ndi bambo, uyu ndi mai, uyo ndi fisi, mwana wotere sapezeka m'masewerawo. Ndipo akamkokeramo sazindikira cifukwa cace mnzace wa zaka 7 achedwa "amai", kapena cifukwa cace dothi lichedwa nsima. Pakati pa zizindikiro zonse, masanje ndiwo aonetsa zambiri kwa munthu wodziwa kupenya, ndipo safuna cipangizo ca ku cipatala.

Cina coyenera kupenya ndi cimene cicitika mwana akaitanidwa kuti aleke. Mwana ali yense anyinyirika akacotsedwa pa masewera, ndipo ena alira. Koma nsima ikafika aiwala, nadya. Kulira kodetsa nkhawa ndi kuja kotha ora lathunthu, mwana akudzigwetsa pansi, akudziluma dzanja kapena kumenyetsa mutu ku cipupa, ndipo osati tsiku limodzi lokha koma nthawi iri yonse kanthu kakasintha: njira yopita ku sukulu ikapatuka cifukwa ca madzi, kapu yace ikagwiritsidwa nchito ndi mlendo, mphunzitsi akasuntha madesiki. Mwana wotere kawiri kawiri abvutikanso ndi zinthu zimene ena sazimva kuwawa. Atseka makutu podutsa pa cigayo, anjenjemera mvula ikagwa pa malata, akana cakudya ciri conse kupatula mtundu umodzi kapena iwiri, abvula malaya cifukwa ca msoko umene umkanda.

Sikuti onse ali cete. Alipo wolankhula bwino, woposa anzace pa kuloweza, amene afotokozera munthu ali yense za mabasi, kuyambira mkulu wa sukulu kufikira ambuya opita kumunda, osaona kuti womverayo watopa kapena kuti wayamba kale kuyenda. Akapatsidwa moni ayankha ndi nambala ya basi. Mwambi aumva monga momwe mau akhalira, kotero kuti akamva za fodya wa pamphuno ayang'ana mphuno ya wolankhulayo. Afuna abwenzi, koma njira yowapezera saidziwa, ndipo anzace amsandutsa coseketsa. Mwana uyu ndiye aphonyedwa kawiri kawiri, pakuti mayeso akhoza. Aphunzitsi angomuyesa wamwano kapena wodzikonda.

Zinthu izi zikapezeka pamodzi mwa mwana mmodzi, ndipo zinayamba ali wamng'ono, madotolo aganizira za cibadwa cochedwa autism. Mau akuti pamodzi ndi ofunika. Pafunika mbali ziwiri: kubvutika pa kumvana ndi anthu, ndi kukangamira zinthu kapena macitidwe obwereza bwereza. Mbali imodzi yokha siikwana.

Mbiri ya dzinali iri ndi phunziro kwa aphunzitsi a kumidzi. M'caka ca 1938 loya wina wa m'tauni yaing'ono ya Forest, m'cigawo ca Mississippi ku America, analembera dotolo Leo Kanner wa pa cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore kalata ya masamba 33 yofotokoza za mwana wace Donald Triplett, amene anabadwa mu 1933. Mwanayo ankaloweza nyimbo ndi manambala modabwitsa, koma munthu akalowa kapena kutuluka m'nyumba sankatukula mutu. Cimene cinkamkondweretsa ndico kuzunguza mapoto ndi zinthu zina zobulungira, nalumpha lumpha poziona zikuzungulira. Mu 1943 Kanner anasindikiza nkhani ya ana 11 ofanana macitidwe, anyamata 8 ndi asungwana 3, ndipo Donald ndiye anali woyamba pa mndandandawo. Caka cotsatira Hans Asperger wa ku Vienna analemba za anyamata olankhula bwino koma okangamira nkhani imodzi. Ndipo dotolo wamkazi wa ku Moscow, Grunya Sukhareva, anali atafotokoza kale za ana otere m'zaka za m'ma 1920, koma zolemba zace zinakhala zaka zambiri osadziwika kunja. Lero madotolo awerenga onsewa ngati cibadwa cimodzi cokhala ndi misinkhu yambiri, kuyambira mwana wosalankhula konse amene adzafuna womsamala moyo wace wonse, kufikira wophunzira kwambiri amene abvutika pa kuceza pokha. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linkawerengera kuti mwa ana 100 mmodzi ali naco. Mwa ciwerengero cimeneco, sukulu ya ana 600 ingayembekeze kukhala nao ngati 6, adziwike kapena asadziwike.

Pa zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse makolo a Donald anampereka kwa mlimi wina ndi mkazi wace, mtunda wa mailosi ngati 10 kucokera kwao. Kanner anakamcezera kumeneko mu May 1945, nazizwa ndi nzeru za alimiwo, amene sanaphunzire za udotolo. Poona kuti mnyamatayo akangamira kuyesa utali wa zinthu, anampatsa nchito yokumba citsime, kuti azinena kuya kwace. Poona kuti atola mbalame zakufa ndi tizirombo, anampatsa kamalo kuti akhale manda, iye naika zizindikiro pa manda onse. Poona kuti awerenga mizere ya cimanga mobwereza bwereza, anampatsa kavalo ndi pulao kuti aziiwerenga akulima. Ndipo Kanner anamuona akulima mizere 6 yaitali, akuwongolera kavaloyo bwino lomwe. Sanalimbane naco cimene mwanayo anacikangamira, koma anacimangirira ku nchito ya pamudzi. Donald anatsiriza maphunziro pa Millsaps College mu 1958, nagwira nchito pa banki ya m'tauni yao zaka zoposa 60, namwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Nkhaniyi isanamize munthu kuti onse atero. Banja lace linali la cuma, ndipo tauni yace inamlandira. Ena mwa ana 11 aja anatsekeredwa m'zipatala za boma zaka zambiri, ndipo Kanner atawafufuzanso mu 1971 anapeza kuti ngakhale nzeru zimene anali nazo paubwana zinazirala.

Aphunzitsi a makalasi a ana ang'ono, ndiponso onse amene makolo awafunsa za makanda a kunyumba, ayenera kusunga pamtima misinkhu ingapo imene madotolo a ana agwirizanapo. Mwana wa miyezi 12 amene satembenuka akaitanidwa dzina, sabwebweta timau ta ukhanda, ndipo sakweza dzanja kutsazika kapena kuloza, afunika kuonedwa. Cimodzimodzi wa miyezi 16 wopanda liu ngakhale limodzi, ndi wa miyezi 24 wosalumikiza mau awiri mwa iye yekha. Kuloza ndi cala kuli kwa mitundu iwiri: kuloza nthoci cifukwa aifuna, ndi kuloza ndege kumwamba nayang'ana amai ace kuti aione naye. Kwaciwiriku ndiko kusowa mwa ana a autism. Ambiri a iwo angogwira dzanja la munthu wamkulu nalikokera ku cinthu cimene afuna, monga munthu agwira ndodo. Ndipo mwana wa msinkhu uli wonse amene anali ndi mau nawataya, amene ankaseka ndi anthu naleka, asadikiridwe ngakhale mwezi umodzi. Acikulire anena zoona kuti ana ena acedwa kulankhula nadzalankhula bwino. Koma mwana wongocedwa kulankhula aloza, akodola, ayang'ana kumaso, nakokera anthu ku masewera ace, ndipo pamenepo ndipo asiyana ndi winayo.

Anyamata opezeka ndi autism aculuka katatu kapena kanai kuposa asungwana, koma asungwana ambiri aphonyedwa. Msungwana wacete ayamikiridwa kuti ndi waulemu. Ndipo cimene acikangamira, monga zidole, nkhuku kapena mnzace mmodzi, sicidabwitsa munthu. Ena aphunzira kutsanzira anzao tsiku lonse ku sukulu, nakagwa ndi kulira akafika kunyumba.

Tsono pali zina zofanana ndi izi pamaso, koma gwero lace ndi lina, ndipo mphunzitsi wodziwa dzina limodzi lokha adzaliika pa mwana ali yense. Cofunika kuciganizira coyamba ndi makutu. Mwana amene anatuluka mafinya m'khutu nthawi yaitali, kapena anadwala nthenda youmitsa khosi, angakhale wosamva bwino. Sayankha akaitanidwa, asewera yekha, nakangamira zimene aona ndi maso cifukwa za m'makutu sizimfika. Cina ndi khunyu la mtundu wosagwetsa. Mwana angoti duu, maso ali gwa, kwa kamphindi kocepa, kambiri pa tsiku, ndipo pobwerera sadziwa kuti phunziro lapitirira. Wotengeka ndi maganizo ace adzidzimuka akakhudzidwa paphewa, koma wa khunyu samva kanthu kufikira kamphindiko katatha. Khunyu lotere liri ndi mankhwala.

Kukangamira kwina kucokera ku mantha, ndipo kusiyana kwace kuoneka pankhope. Wa magalimoto akondwa ali pa magalimoto ace. Koma pali mwana, kawiri kawiri wa zaka 8 kufikira 12 kapena wamkulupo, amene asamba m'manja kufikira khungu litang'ambika, afufuta ndi kulembanso liu limodzi mpaka pepala libooka, abwerera pakhomo katatu kukaona ngati watseka, kapena awerenga mapazi ace popita ku sukulu nayambanso akasokoneza. Iye sakondwa nazo. Akafunsidwa mofatsa, paseri, aulula kuti m'mutu mwace mubwera ganizo loopsa, monga lakuti amai ace adzafa akapanda kucita zimenezo, ndipo adziwa yekha kuti nzopanda pace koma sangathe kuleka. Madotolo aichula nthendayi ndi zilembo zitatu, OCD. Icizika ndi uphungu wapadera wozoloweretsa mwana kupirira manthawo pang'ono pang'ono, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Koma kumseka kapena kumkalipira kungomphunzitsa kubisa.

Mwana wokangamira kudya dothi, makala kapena coko, atapitirira msinkhu umene makanda aika zonse m'kamwa, akapimidwe magazi, pakuti cilakolako cotere ciyenda kawiri kawiri ndi kucepa kwa magazi. Ku Kabwe nkhaniyi ndi yoopsa koposa, cifukwa mgodi umene unatsekedwa mu 1994 unasiya mtobvu wambiri m'dothi la makomboni oyandikana nao, ndipo mtobvu uononga ubongo wa mwana. Za foni zingonenedwa mwacidule: zithunzi zace zinapangidwa dala kuti zigwire maso, ndipo mwana woikangamira sanasonyeze nthenda ndi cimeneco cokha. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mwana wosafika zaka 2 asaikidwe pa zoonera zotere, ndipo wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ora limodzi pa tsiku. Foni ikacotsedwa masabata angapo, mwanayo nabwerera kwa anzace, bvuto linali foni.

Pali mtundu umodzi umene sulola kudikira. Mwana amene anali bwino, nayamba mwadzidzidzi kukangamira nkhani za imfa, kuyatsa moto, kuzunza ziweto, kapena kucita ndi kunena za kugonana zopitirira msinkhu wace, kawiri kawiri ali kufotokoza ndi macitidwe cinthu cimene camcitikira, cimene pakamwa pace sipangathe kunena. Apa mphunzitsi auze mkulu wa sukulu tsiku lomwelo. Nkhani ya mwana wocitidwa nkhanza ipita ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo nambala ya 116 iimbidwa kwaulere pa nkhani za ana.

Nchito ya mphunzitsi pa zonsezi ndi kupenya ndi kulemba. Kuchula dzina la nthenda si nchito yace, cinkana awerenge mabuku angati. Atenge kope laling'ono, nalembemo kwa masabata 4 kapena 6 zimene waona ndi maso, ndi tsiku lace. Asalembe kuti "ndi wamakani" kapena "sakonda anzace", pakuti amenewo ndi maweruzo. Alembe kuti, "Lolemba pa nthawi yopuma anakhala kuseri kwa kalasi akuzunguza cotsekera botolo, anzace awiri anamuitana, sanatembenuke, belu litalira analowa yekha." Alembenso zimene mwanayo akhoza, ndi masiku amene zinthu zinayenda bwino, ndi cimene cinacitika kulira kusanayambe. Kope lotere liposa kalata iri yonse, cifukwa dotolo amuona mwanayo nthawi yocepa, m'cipinda cacilendo, m'mene mwana wamanyazi aoneka wodwala ndipo wodwala nthawi zina aoneka wabwino.

Kulankhula ndi makolo ndiko kufuna nzeru koposa. Asaitanidwe pamaso pa makolo ena, ndipo uthenga usatumizidwe ndi mwana wa m'kalasi. Mphunzitsi ayambe ndi zabwino, zimene ziri zoona: "Amai, mwana wanuyu manambala awagwira kuposa anzace onse. Koma pali zina zimene ndaona, ndipo ndifuna kumva ngati kunyumba muziona." Kawiri kawiri mai anaziona kale, nazisunga mumtima zaka, kuopa zonena za anthu. Kwa Acewa mwini mbumba ndiye malume, ndipo ulendo wa ku cipatala umene atsibweni sanaubvomere ungathe kufera panjira. Kwa Angoni mau ali kwa atate ndi abale ao. Mphunzitsi wodziwa mudzi aitana woyenera kuitanidwa, osaiwala ambuya amene alera mwanayo usana wonse.

Pa kukambirana kotere funso la gwero silicedwa kubuka, ndipo pamudzi yankho likhala litakonzeka kale: kuti mwanayo analodzedwa, kapena kuti atate ace anamkhwimira kuti sitolo yao iyende, kapena kuti mai analakwira mwambo ali ndi pakati. Mabanja apasuka nazo nkhani zotere. Azungu naonso anali ndi bodza lao. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri ena ku America ankaphunzitsa kuti autism ibwera cifukwa ca mai wouma mtima wosakonda mwana wace, ndipo amai ambiri osalakwa anasenza mlandu umenewo. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza magulu 21 a mapasa ku Britain, napeza kuti mapasa ofanana ndendende agwirizana pa cibadwaci koposa mapasa osafanana. Ndipo kufufuza kwa pambuyo pace kwatsimikiza kuti mbali yaikulu icokera ku mtundu, mwana asanabadwe. Bodza lina ndi la katemera. Linayamba ndi nkhani imene Andrew Wakefield anasindikiza ku London mu 1998, imene inafafanizidwa mu 2010 itapezeka kuti inali yacinyengo, mwini wace nacotsedwa pa udotolo. Ku Denmark anatsata ana 657,461, ndipo zotsatira zace, zosindikizidwa mu 2019, zinaonetsa kuti obayidwa katemera wa cikuku sapezeka ndi autism koposa osabayidwa. Bodzali ligwira mtima cifukwa katemera waciwiri wa cikuku aperekedwa pa miyezi 18, nthawi yomweyo imene zizindikiro ziyamba kuonekera poyera. Mai woleka katemera cifukwa ca mphekesera imeneyi sapulumutsa mwana ku autism, koma ampereka ku cikuku.

Njira yopita kwa akatswiri iyambira pa kiliniki ya pafupi. Makolo atenge khadi la sikelo, kope la mphunzitsi ndi kalata yaifupi ya mkulu wa sukulu, napemphe kuti mwanayo apimidwe makutu ndi kakulidwe kace, ndi kuti apatsidwe kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu. Kum'mawa kuli Chipata Central Hospital ndi St Francis ku Katete. Madotolo a ana oculuka ali ku University Teaching Hospital ku Lusaka ndi ku Arthur Davison ku Ndola. Makolo auzidwiretu kuti palibe kupima magazi kapena kujambula kumene kuonetsa autism. Dotolo afunsa mbiri ya mwana kuyambira pa mimba, amuyang'ana akusewera, ndipo angathe kuwaitananso kawiri kapena katatu asananene kanthu. Dotolo wozolowera akhoza kuzindikira cibadwaci mwana ali ndi zaka 2. Auzidwenso kuti palibe mankhwala ocotsa autism, a cizungu kapena a cikuda, ndipo wolonjeza kuiciza afuna mbuzi zao cabe. Cimene cithandiza ndi kuphunzitsa: kulankhula, kaya ndi mau kaya ndi zithunzi ndi manja, kudzisamala, ndi kukhala ndi anthu, ndipo m'mera mpoyamba. Mankhwala ali ndi malo ace pa zobvuta zina zotsagana nayo, monga khunyu, limene lipezeka mwa ana amenewa koposa mwa ena.

Ulendo wa ku cipatala ungatenge miyezi, pakuti ndalama ya basi idikira kukolola. M'menemo mwanayo ali m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 sililola kuti acotsedwe pa sukulu cifukwa ca cilema. Mphunzitsi sasowa kalata ya dotolo kuti acite cimene alimi a ku Mississippi anacita. Wa mabasi apatsidwe masamu a mabasi: okwera 60, otsika pa Nyimba 14, atsala angati? Wa ng'ombe alembe ciganizo cace coyamba za ng'ombe. Wokonda kundandika zinthu akhale wosonkhanitsa makope ndi kuwerenga madesiki, kuti anzace amuone ali ndi udindo. Cimene acikonda cipatsidwe nthawi yace yodziwika, monga atatha nchito ya m'mawa, ndipo cisalandidwe ngati cilango, pakuti kwa mwana wotere ndico cimkhazika mtima pansi pamene phokoso la kalasi lamkulira. Kanthu kakafuna kusintha, auzidwe kusanacitike, ndi mau ocepa ndi olunjika. Akhale kutsogolo, kumbali, kutali ndi khomo. Mkwapulo unaletsedwa m'masukulu a Zambia mu 2003, ndipo pa mwana uyu sunathandizepo ndi kale lonse: amva kuwawa, koma sagwirizanitsa kuwawako ndi colakwa cimene mphunzitsi aganiza. Maina onga citsiru ndi wozerezeka aletsedwe pa bwalo la sukulu, ndipo aphunzitsi ayambe ndiwo kuwaleka m'cipinda cao copumulira.

Nthawi zina makolo abwerako ku cipatala ndi mau akuti sanapeze kanthu. Cingakhale coona, ndipo onse akondwere. Mphunzitsi asacite manyazi kuti anawatumiza. Koma ngati zimene zinalembedwa m'kope zipitirira, kapena zikula pamene mwanayo akwera kalasi ndipo za kuceza ziculuka, makolo abwererenso patapita miyezi 6, atatenga masamba atsopano. Ndipo caka cikatha, kopelo lisatsekeredwe m'kabati. Mphunzitsi alipereke m'manja mwa mnzace amene adzalandira kalasilo mu January, makolo atabvomera, nakhale naye pansi kumfotokozera cimene cimuopsa mwanayo, cimene cimtonthoza, ndi malo amene azolowera kukhala.